Mmene mungapezere mwini weniweni wa mawu amene mukungowakumbukira mwa apo ndi apo

Mlamu wanga anandiimbira foni Lachiwiri madzulo. "Alamu, Loweruka kuli phwando la mwana wanu uja wamaliza ku yunivesite. Inu ndi amene mumawerengawerenga mabuku, ndiye mudzatinenereko timawu tanzeru." Ndinavomera msanga poti mawu ndinali nawo kale m'mutu, kapena tinene kuti ndinkaganiza kuti ndili nawo. Ndinkakumbukira kuti Nelson Mandela ananenapo kuti chimene munthu amaopa kwambiri si kuchepekedwa kwake ayi, koma kuti ali ndi mphamvu zosaneneka. Komwe ndinawaona ndinali nditaiwala, kaya pa kalendala ya mu ofesi, kaya pa chithunzi cha pa WhatsApp. Nditakhala pansi kuti ndiwalembe, ndinapeza kuti ndagwira mutu ndi mchira wokha, thunthu palibe.

Ndinatha madzulo awiri ndikuwasaka. Mawuwo alipodi, ndipo ndi okoma, koma si a Mandela. Njira imene ndinayenda ndi iyi, ndipo imagwira ntchito kaya mukusaka mawu a mtsogoleri, vesi la m'Baibulo kapena mwambi umene agogo ankakonda.

1. Musanagwire foni, gwirani cholembera

Lembani zonse zimene mukukumbukira, ngakhale zikhale zosalongosoka. Chifukwa chake n'chakuti mukangoona zotsatira zoyamba pa Google, mutu wanu umazilandira nthawi yomweyo n'kukuuzani kuti "eya, ndi zomwezo," ndipo zimene munkakumbukira poyamba zija zimafufutika.

Papepalapo siyanitsani mawu amene muli nawo chikhulupiriro ndi amene mukungoganizira. Lembaninso komwe munawamva, chaka chake mongoyerekeza, ndi chinenero chake. Ichi cha chinenerochi n'chachikulu kwa ife. Mawu ambiri otchuka amatipeza atamasuliridwa kale ndi abusa pa guwa, mphunzitsi m'kalasi kapena muulutsi pa wailesi, ndipo aliyense amamasulira mwakemwake. Ngati munawamva m'Chichewa koma mwini wake ndi wakunja, yesani kuwabwezera ku Chingerezi m'njira ziwiri kapena zitatu zosiyana.

2. Sakani ndi tizidutswa, osati chiganizo chonse

Munthu akalemba chiganizo chonse monga akuchikumbukirira, liwu limodzi lolakwika limamusocheretsa. Sankhani mawu atatu kapena anayi oyandikana amene simukuwakayika, n'kuwaika pakati pa zizindikiro zogwira mawu. Zizindikirozo zimauza Google kuti mukufuna mawuwo ndendende, motsatana momwemo. Pamene mwaiwala liwu, ikani kanyenyezi (*).

Ine ndinayamba ndi "greatest fear", n'kupeza nyansi zokhazokha zosandikhudza. Nditalemba "our * fear is not that we are", chiganizo chinatuluka chokha: "Our deepest fear is not that we are inadequate. Our deepest fear is that we are powerful beyond measure." Liwu limene ndinkalikumbukira molakwa linali limodzi lokha.

Poyamba musalembe dzina la munthu amene mukumuganizirayo. Mukalemba kuti Mandela, mudzalandira masamba okhawo ovomerezana nanu, ndipo mudzagona mutakhutira ndi bodza.

Mawu a Chichewa ali ndi msampha wawowawo, womwe ndi kalembedwe. Mabuku akale, monga Buku Lopatulika la masiku aja, ankalemba "c" pamene ife lero timalemba "ch": cikondi, cifukwa, cinthu. Ku Zambia akulembabe choncho mpaka pano. Pali "mau" ndi "mawu", "ace" ndi "ake", "kucurukitsa" ndi "kuchulukitsa", poti "l" ndi "r" amasinthanasinthana. Ena amaika kachizindikiro pamwamba pa "w", ena ayi. Kompyuta sidziwa kuti zonsezi ndi chinthu chimodzi. Mukalephera ndi kalembedwe ka lero, yesani ka makedzana, ndipo sakani ndi tsinde la liwu losasinthasintha m'malo mwa mneni wokhala ndi aphatikiri ambiri. Amene analemba "adanena" ndi amene analemba "ananena" sakumana pa Google.

3. Kuchuluka kwa masamba si umboni

Apa ndi pamene ambiri amathera ulendo. Mwapeza chiganizo, pansi pake pali dzina, masamba ochuluka akunena zomwezo, basi mwakhutira. Koma ganizirani za mphekesera ya pa mjigo. Amayi khumi akhoza kukuuzani nkhani imodzi, koma mukawafunsa mmodzimmodzi, onse anaimva kwa munthu mmodzi amene nayenso sanaone ndi maso. Masamba osonkhanitsa mawu anzeru pa intaneti amakoperana choncho, zolakwa ndi zolakwa zomwe. Zithunzi za pa Facebook zokhala ndi nkhope ya munthu wotchuka ndi mawu pambali ndiye musaziwerengere n'komwe; mwana wa Fomu 2 akhoza kupanga chimodzi pa mphindi zisanu.

Chimene mukufuna ndi chimodzi mwa izi: dzina la buku ndi tsamba lake, tsiku ndi malo amene munthuyo analankhulira, kapena nyuzipepala ndi tsiku imene inatuluka. Pamene pali dzina la munthu lokha, dziwani kuti simunapeze kanthu.

Pali mayina ena amene amakoka mawu amasiye ngati mmene nyali imakokera ngumbi: Albert Einstein, Mahatma Gandhi, Abraham Lincoln, Winston Churchill, Mark Twain, ndi Mandela yemwe. Mawu a munthu wosadziwika sayenda mtunda wautali, choncho wina amawaveka dzina lalikulu kuti ayende. Mukaona limodzi mwa mayina amenewa, chenjerani kawiri.

Kuti muone ngati ena anakayikapo kale, onjezerani liwu loti "misattributed" kapena "origin" (kutanthauza "onamiziridwa munthu wina" kapena "gwero") pa tizidutswa tanu tija. Pa Wikiquote, malo a pa intaneti osonkhanitsa mawu a anthu, tsamba la munthu wotchuka nthawi zambiri limakhala ndi chigawo cha mawu okayikitsa ndi cha mawu ongomunamizira. Palinso Quote Investigator, komwe Garson O'Toole wakhala akulondola mawu otere kuchokera mu 2010, ndipo ubwino wake ngwakuti amasonyeza buku kapena nyuzipepala iliyonse imene wapeza, motsata zaka.

4. Tsegulani gwero limene likutchulidwalo

Masamba ena ankati Mandela ananena mawu aja pa mwambo womulumbiritsa kukhala pulezidenti mu 1994. Izi zinandisangalatsa, chifukwa chinthu chokhala ndi tsiku chimatheka kuchitsimikiza. Mandela analumbira pa 10 Meyi 1994 ku Union Buildings mu mzinda wa Pretoria, ndipo dzulo lake, pa 9 Meyi, analankhula ku khamu la anthu ku Cape Town. Zimene ananena masiku awiri onsewo zinalembedwa ndipo zikupezeka pa intaneti zonse zathunthu.

Mukatsegula chikalata chotere, simufunika kuwerenga mzere uliwonse. Pa kompyuta dinani Ctrl ndi F pamodzi. Pa foni fufuzani "Find in page" pa timadontho titatu ta pakona. Lembani liwu losowa kwambiri la m'chiganizo chanu. Ine ndinalakwitsa poyamba n'kulemba "fear", ndipo linapezekadi, mtima n'kudumpha. Koma nditawerenga, anali malo amene Mandela ankanena za anthu akuda ndi oyera kuyenda monyadira opanda mantha m'mitima mwawo. Nditalemba "inadequate", sipanatuluke kanthu, ku Pretoria ngakhale ku Cape Town. Bungwe la Nelson Mandela Foundation, limene limasunga zolemba zake, nalonso linanena poyera kuti mawuwa si ake.

Ndiye ngati si ake, ndi a yani?

5. Bwererani m'mbuyo mpaka mapazi atathera

Uku n'kulondola mapazi a mbuzi yosochera, kungoti mukulondola chobwerera, kufuna khola kumene inatulukira. Funso ndi limodzi: kodi mawuwa anayamba kuoneka liti pa pepala?

Google Books ndiye chida chachikulu pano. Lembani tizidutswa tanu m'zizindikiro zija, kenako pa "Tools" sankhani zaka. Yambani ndi zaka za m'mbuyo kwambiri, muzibwera nazo kutsogolo pang'onopang'ono mpaka mawuwo atatulukira. Pa Internet Archive palinso mwayi wosaka m'kati mwa mabuku ndi magazini akale amene anajambulidwa tsamba ndi tsamba. Chenjezo: chaka chimene kompyuta ikusonyeza nthawi zina chimakhala cholakwa, makamaka pa magazini, pomwe imaika chaka chimene magaziniyo inayamba kutuluka m'malo mwa chaka cha kope limene muli mawuwo. Tsegulani tsamba lenilenilo muone ndi maso. Izi zimadya bandulo, ndiye ngati kuntchito kapena kusukulu kuli Wi-Fi, chitirani kumeneko.

Mapazi a mawu anga anathera mu 1992, m'buku la mayi wina wa ku America, Marianne Williamson, lotchedwa A Return to Love. Zaka ziwiri Mandela asanalumbire, mawuwo anali atasindikizidwa kale pansi pa dzina la mayiyu.

Nthawi zina mtunda wake umakhala wautali kuposa apa. Anthu okonda ufulu wa kulankhula amatchula kawirikawiri mawu oti "sindikugwirizana ndi zimene ukunena, koma ndidzateteza ufulu wako wozinena mpaka imfa," n'kumati ndi a Voltaire wa ku France. Voltaire anamwalira mu 1778. Mawuwo anatuluka mu 1906, m'buku la Evelyn Beatrice Hall, mayi wa ku England amene ankalemba ndi dzina loti S. G. Tallentyre. Iye ankangofotokoza mwachidule maganizo a Voltaire pa nkhani ya kuotchedwa kwa buku la wolemba mnzake Helvétius, koma owerenga anatenga ngati Voltaire yemwe ndiye akulankhula. Apa pali chizindikiro chothandiza: mawu akayamba kuoneka patapita zaka zambiri mwini wake ali m'manda, pali wina pakati amene anawaumba.

6. Werengani pamwamba ndi pansi pake

Mukapeza gwero, musangodula chiganizo chanu n'kuthawa. Werengani ndime yonse. Ndime ya Williamson ija ndi ya zauzimu. Imapitiriza kunena kuti munthu ndi mwana wa Mulungu ndipo kudzichepsa dala sikuthandiza dziko. Ilibe chochita ndi tsankho la ku South Africa kapena zaka 27 za m'ndende, ngakhale kuti ife tikaimva ndi dzina la Mandela timaikamo zonsezo tokha.

7. Ngati akuti "Baibulo limati"

Apa ntchito ndi yopepuka, chifukwa bukulo lili m'nyumba zambiri ndiponso pa foni. Pa YouVersion ndi mapulogalamu ena mukhoza kusaka liwu limodzi m'Baibulo lonse. Vuto ndi lakuti Mabaibulo a Chichewa alipo angapo: Buku Lopatulika limene linatuluka lathunthu mu 1922, Malembo Oyera, Buku Loyera la 1998, Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero, ndi ena. Vesi limene munaloweza ku Sande sukulu likhoza kusowa pa foni chifukwa choti mwatsegula Baibulo lina. Sinthani musanataye mtima.

Mukatero mudzapeza mitundu iwiri ya zolakwa. Wina ndi vesi lodulidwa. Anthu amati ndalama ndi muzu wa zoipa zonse, koma 1 Timoteyo 6:10 imanena za chikondi cha pa ndalama. Liwu limodzi lomwe linagwa m'njira limasintha chiphunzitso chonse. Mtundu wina ndi vesi losakhalamo n'komwe. "Mulungu amathandiza amene amadzithandiza okha" mwalimva kangati pa maliro ndi pa misonkhano ya chitukuko? Sakani kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso, simulipeza. M'Chingerezi likupezeka m'buku la za ndale la Algernon Sidney limene linasindikizidwa mu 1698, ndipo Benjamin Franklin analitchukitsa mu 1736. Ganizo lake ndi lakale kuposa apo, likumveka kale m'nthano za Agiriki.

Ndikupempha chimodzi: mukapeza zotere, musakadzudzule abusa pa gulu. Kawaoneni pambali.

8. Mawu a kuno kwathu

Awa ndiye ovuta kwambiri, chifukwa zambiri za kwathu sizinafike pa intaneti. Google ikakhala chete, sizitanthauza kuti mawuwo sananenedwe. Zikutanthauza kuti muvale nsapato.

Zonenedwa m'Nyumba ya Malamulo zimalembedwa mu Hansard, tsiku ndi tsiku, ndi dzina la phungu aliyense. Nyuzipepala zakale, makalata a boma ndi mabuku osindikizidwa m'dziko muno zimasungidwa ku National Archives ku Zomba. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mabuku ambiri a mbiri ya dziko lino. Popita kumalo otere, pitani mukudziwa chaka, ngakhalenso mwezi ngati n'kotheka. Munthu wongoti "ndikufuna mawu ena ake amene Kamuzu ananena" amabwerako chimanjamanja.

Pa Kamuzu pomwepo pali mfundo imene ambiri saiganizira. Pa misonkhano iye ankalankhula Chingerezi, womasulira n'kumatembenuzira m'Chichewa, monga ankachitira John Msonthi ndipo pambuyo pake John Tembo. Choncho agogo anu akamati "Kamuzu ankati chakutichakuti" m'Chichewa chokoma, mawu enieniwo anatuluka pakamwa pa womasulira. Ganizo ndi la Kamuzu, koma mukafuna chiganizo chake chenicheni, chisakeni m'Chingerezi.

Nkhani ya John Chilembwe ikusonyeza kusiyana kwa mawu olembedwa ndi mwini wake ndi mawu omumvera. Kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, ndi yake. Pamenepo mukhoza kunena molimba mtima kuti Chilembwe analemba. Koma mawu otchuka aja oti "strike a blow and die" (menyani kamodzi n'kufa), amene amati anauza anthu ake asanaukire atsamunda mu Januwale 1915, akutifika kudzera mwa George Simeon Mwase. Mwase sanali nawo pa msonkhanowo. Analemba patapita zaka zoposa khumi, potengera zimene anamva, ndipo zolemba zakezo zinasindikizidwa mu 1967. Izi sizikuti ndi bodza ayi. Zikungotanthauza kuti powatchula muziti "malinga ndi Mwase".

Miyambi ndi nkhani ina. Mwambi ulibe mwini, ndipo kufunsa kuti anayambitsa ndani "mutu umodzi susenza denga" n'kutaya nthawi. Zimene mungafufuze ndi ziwiri: kanenedwe kake ndi tanthauzo lake. Kanenedwe kamasiyana ndi dera. Kwina chala chimodzi sichiswa nsabwe, kwina sichiphwanya, ndipo palibe wolakwa. Bambo J. C. Chakanza anasonkhanitsa miyambi 2000 ya Chinyanja m'buku limodzi, ndipo dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892 ikhoza kukusonyezani mmene mawu ena ankamvekera kalelo. Koma mawu a Chingerezi olembedwa pansi pake kuti "mwambi wa ku Africa", opanda dzina la mtundu kapena chinenero, amandikayikitsa nthawi zonse. Africa ali ndi zinenero zoposa chikwi. Mwambi weniweni umakhala ndi kwawo.

9. Funsani, koma funsani bwino

Safunsa anadya phula. Woyang'anira laibulale, mphunzitsi wa mbiri amene anapuma ntchito, mkulu wa mpingo woloweza Malemba, mtolankhani wakale: anthu awa amasunga m'mutu zinthu zimene Google ilibe. Powafunsa, tengani pepala lanu lija la poyamba. Auzeni mawu monga mukuwakumbukirira, komwe munawamva, ndi komwe mwasaka kale osapeza. Akakuyankhani, funsani mwaulemu kuti, "Nanga inu munawawerenga pati, bambo?" Yankho la munthu ndi chala cholozera njira, mufunikabe kukafika nokha.

Mapulogalamu a AI monga ChatGPT amathandiza pa chinthu chimodzi: mukawafotokozera ganizo mosokonekera, nthawi zambiri amatha kukupatsani chiganizo chimene mukuchifuna. Koma pa gwero musawakhulupirire. Amatha kukupatsani dzina la buku, chaka ndi nambala ya tsamba mosadodoma, pomwe bukulo kulibe. Chilichonse chimene akuuzani, kachioneni ndi maso anu monga pa sitepe 4 ndi 5.

10. Tchulani molingana ndi zimene mwapeza

Mukapeza gwero, lembani mawuwo ndendende pamodzi ndi dzina, buku ndi chaka, ndipo jambulani tsambalo musunge mu foni, poti masamba a pa intaneti amasowa. Ngati mwamasulira nokha m'Chichewa, nenani kuti kumasulirako ndi kwanu. Ngati gwero ndi munthu wina womumvera, mutchuleni. Ngati mwasaka osapeza, mawuwo mukhoza kuwanenabe, koma muziti "pali mawu amene anthu amati ndi a uje," kapena chotsanipo dzina n'kungoti "wina ananenapo."

Loweruka lija ndinaimirira anthu atamaliza mpunga, ndisanasokonezedwe ndi zoimbira. Ndinati pali mayi wina wa ku America, Marianne Williamson, amene analemba mu 1992 kuti chimene timaopa kwenikweni si kuchepekedwa kwathu koma kukula kwa mphamvu zimene tili nazo, ndipo ndinauza mwanayo kuti digiri yakeyo asakaibise pansi pa bedi. Anthu anaomba m'manja, azimayi n'kululutira.

Tikupakira mipando, mlamu wanga anandikokera pambali. "Alamu, mawu aja ndimawadziwa ine. Si a Mandela amene aja?" Ndinatulutsa foni, n'kumusonyeza zimene Mandela ananena ku Pretoria, n'kumuuza kuti asake yekha liwu lija loti "inadequate". Anasaka kawiri, kachiwiriko atavala magalasi. Kenako anandibwezera foni n'kunena kuti kalendala ya ku ofesi kwawo aisiya pakhoma mpaka Disembala, poti masiku ake ndi olondola.